Msungi Si Mwini: Mbiri ya Malo Osungitsidwa M'mbali mwa Nyanja ku Salima

 Madzulo ano ndikupemphani kuti tiyendere limodzi kupita ku Salima, titsike ndi msewu wochoka pa boma kuloza kum'mawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, mpaka tikaime pa mchenga wa ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Maganga. Amene anafikako mbandakucha akudziwa zimene zimaoneka kumeneko: mabwato akukocheza atachezera usiku wonse pa nyanja, amayi atandandalika ndi mabeseni awo kudikira usipa, ndipo kumtunda pang'ono anyamata akuyala nsomba pa thandala. Koma mukayenda kanthawi motsata gombe, mukumana ndi mpanda wa njerwa wotsikira kufupi ndi madzi, kuseri kwake kuli hotela kapena nyumba yopumuliramo ya munthu wa ku mzinda. Msodzi uja ndi mwini mpanda aponda mchenga umodzi, ndipo aliyense mwa iwo mutamfunsa adzakuuzani kuti ali pamenepo mwachilungamo. Tsono funso lathu ndi ili: dothi limeneli nlayani, ndipo amene amaligawa, mphamvu yake anaitenga kwa yani?

Mbiri ya dziko lathu ili ndi yankho lodabwitsa. Mwambo wa makolo, lamulo la atsamunda, ndiponso malamulo a dziko lodzilamulira, zonse zitatu zinasiyana pa zambiri, koma zinagwirizana pa mfundo imodzi: malo a m'midzi sali m'manja mwa mwini wake, ali m'manja mwa msungi. Msungiyo wasintha kangapo konse m'zaka zoposa 130 zapitazi. Chimene tifuna kuona lero ndi chifukwa chake anthu amasungitsa malo, ndi zimene zimachitika msungi akaiwala kuti chimene wagwiracho nchamwini.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense wa ife amachidziwa. M'masiku amene amuna ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare, munthu asananyamuke ankatenga mbuzi kapena ng'ombe zake nakaziika m'khola la mbale wake, nati, "Mundisungire izi, ana anga asavutike." Pamenepa pali anthu atatu. Pali wosungitsa, amene wapereka chuma. Pali msungi, amene ziweto zili m'khola mwake, ndipo mlendo wodutsa angayese kuti nzake. Pali ana aja, amene sanagwire chingwe cha mbuzi ndi imodzi yomwe, koma phindu lonse nlawo. Msungi angathe kugulitsa mbuzi imodzi kuti mwana apite ku chipatala, ndipo palibe angamdzudzule; koma akaigulitsa kuti agule njinga yake, mudzi wonse umtcha wakuba. Dongosolo limeneli ndi lomwe Angerezi amalitcha trust, ndipo likakhudza dothi, cholinga chake nchomwecho: kusiyanitsa dzanja logwira ndi pakamwa podya.

Ku England dongosololi linakula zaka mazana angapo zapitazo, pamene eni minda ankalembetsa malo awo m'maina a abwenzi awo kuti akazi ndi ana adzadyerepo, kaya chifukwa cha maulendo a nkhondo zakutali, kaya pothawa misonkho imene inkagwera malo mwini wake akamwalira. Makhoti wamba ankangozindikira dzina lolembedwa pa chikalata, kotero kuti bwenzi losakhulupirika linkatha kukana ana a mnzake. Khoti la Chancery ndi limene linayamba kukakamiza asungi otere kuchita monga analonjezera. Abale athu Achisilamu, amene ndi ochuluka m'mbali mwa nyanja ku Salima, ali ndi dongosolo lawo lakalekale lotchedwa waqf, pamene munthu amapatula malo kuti atumikire mzikiti, sukulu kapena osauka mpaka kalekale, osagulitsidwa ndiponso osagawidwa ngati chuma chamasiye. Kuno kwathu lamulo la Trustees Incorporation Act la 1962 limalola mipingo ndi mabungwe kulembetsa asungi awo, kotero kuti malo a tchalitchi kapena sukulu sakhala m'dzina la mbusa mmodzi amene angasamuke mawa.

Tikaunjika zonsezi pamodzi, tipeza zolinga zinayi. Choyamba, munthu amafa koma dothi limatsala, motero pafunika njira yoti malo apitirire kutumikira cholinga chake mwini wake atapita. Chachiwiri, pali anthu amene sangathe kudziteteza okha, monga ana amasiye ndi ana osabadwa. Chachitatu, kusungitsa kumaletsa munthu mmodzi kugulitsa chinthu cha anthu ambiri pa tsiku la njala kapena la umbombo. Chachinayi, pali malo ena amene phindu lake lili pa kusagawidwa kwake: manda, dambo lodyetsera ziweto, njira yopita ku madzi, ndi dooko lokochezapo mabwato. Dooko mukaligawa m'mapuloti, aliyense apeza kachidutswa, koma mudzi utaya nyanja.

Tsopano tibwerere ku Salima. Chigwa cha m'mbali mwa nyanja chimenechi ndi dziko lakale la Amaravi. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kummwera pang'ono kwa boma la Salima, ndipo mpaka lero pakati pa mafumu a m'bomali pali ufumu wa Kalonga, pamodzi ndi Khombedza, Pemba, Ndindi, Kuluunda, Kambwiri, Mwanza, Makanjira ndi ena. M'kati mwa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao, ndipo ena mwa mafumu awo anakhazikika m'magombe. Pa mwambo wa Achewa mfumu inkatchedwa mwini dziko, koma mawu amenewa asatisocheretse. Mwini dziko sankagulitsa dziko. Iye ankagawira anyakwawa, anyakwawa nkugawira mabanja, ndipo m'banja munda unkatsata mbumba, woyang'anira nakhala mwinimbumba, ndiye kuti malume kapena mlongo wamkulu wa amayi a pamudzipo. Mkamwini ankalima munda wa kwa mkazi wake, koma sankautcha wake. Mlendo akapempha malo ankapatsidwa, napereka nkhuku kapena mtanga wa chimanga pothokoza, ndipo akasamuka dothi linkabwerera kwa eni mudzi. Nkhuku ija sinali mtengo wa malo. Inali chizindikiro chakuti wolandirayo akudziwa amene wamlandira.

Kusamvetsa kapena kusafuna kumvetsa mfundo imeneyi ndiko kunabala mavuto aakulu a malo m'dziko muno. Britain atalengeza chitetezo chake pa dziko lino mu 1891, Harry Johnston anapeza kuti Azungu amalonda, alimi ndi amishoni anali kale ndi mapepala onena kuti anagula malo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Kuyambira 1892 iye anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim zotsimikiza umwini umenewu. Malo onse amene anapita mwa njira imeneyi anaposa maekala 3.7 miliyoni, ndipo mwa amenewa pafupifupi maekala 2.7 miliyoni anali kumpoto kwenikweni, m'manja mwa British South Africa Company. Ambiri mwa otsalawo anali m'dera lachonde la Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Mafumu amene anadinda chala pa mapepalawo ankayesa kuti akulandira mlendo monga mwa mwambo. Wolandirayo ankati wagula mpaka muyaya. Msungi anagulitsa chimene sichinali chake, mwinanso osadziwa kuti akugulitsa.

M'zikalata zambiri munali mawu oletsa kusuntha midzi ndi minda imene inalipo kale, ndipo mu 1903 woweruza Nunan anagamula mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa mokomera anthu a m'midzi yotere. Koma chitetezo chimenechi chinali chofooka, pakuti anthu ankasuntha minda dothi likaguga, ndipo akangosuntha ankasanduka alendo pa dziko la makolo awo. Apa ndi pamene panamera thangata, kugwira ntchito pa esiteti m'malo mwa lendi, ndipo kuwawa kwake kunali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Chigwa cha Salima, chimene m'masiku amenewo chinali mbali ya boma la Dowa, sichinalandidwe motero, chifukwa Azungu oyambawo ankakonda kumapiri kozizira kusiyana ndi kunyanja kotentha ndi kwa malungo. Koma phunziro la kummwera linakhudza dziko lonse.

Kunja nakonso maganizo anali kusintha. Mu 1921 khoti lalikulu la Privy Council ku London linaweruza mlandu wa Amodu Tijani, mfumu ya ku Lagos m'dziko la Nigeria, imene boma linailanda malo ku Apapa. Oweruzawo anavomereza kuti malowo anali a anthu onse a mfumuyo, kuti mfumu inkawagwira m'malo mwa anthu ake, ndi kuti chipepeso chiyenera kulipidwa chathunthu nkugawidwa kwa eni akewo. Chimene agogo athu ankachidziwa osachilemba, tsopano chinalembedwa m'mabuku a malamulo a atsamunda eni ake.

Kuno ku Nyasaland zipatso zake zinaoneka mu 1936, pamene kunatuluka lamulo lotchedwa Native Trust Land Order in Council. Lamuloli linanena kuti malo onse amene sanali m'manja mwa eni maesiteti, kapena opatulidwira ntchito za boma monga matauni ndi nkhalango, ndi malo osungiridwa anthu akuda a dziko lino. Msungi wake anali Nduna ya ku London yoyang'anira maiko a atsamunda, ndipo Bwanamkubwa wa ku Zomba ndiye ankawayendetsa kuti apindulire anthu onse. Chaka chomwecho British South Africa Company inabweza malo ake a kumpoto, nkungosungako ufulu wa miyala ya pansi pa nthaka. Mu 1950 lamulo linakonzedwanso, dzina nkukhala African Trust Land. Dziko loyandikana nalo la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia, linalandira dongosolo lofanana mu 1947.

Tiyenera kunena zoona pa mbali zonse ziwiri. Lamulo la 1936 linatseka khomo limene Johnston analisiya lotsekula: kuyambira pamenepo mlendo sakanathanso kugula malo a m'midzi kukhala ake mpaka muyaya. Akanangobwereka pa lizi ya zaka zowerengeka, mfumu ya deralo itafunsidwa maganizo. Midzi yambiri ya ku Salima ili pamene ili lero chifukwa cha khomo lotsekedwalo. Koma taonani chilema chake. Msungi anali kutsidya la nyanja zamchere, sanasankhidwe ndi anthu amene ankawasungirawo, ndipo iwo analibe bwalo lomuitanirako. Kufunsa mfumu maganizo sikunali kupempha chilolezo chake. Nchifukwa chake pamene nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inabuka, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953, mantha aakulu a mafumu ndi anthu awo anali akuti msungi wakutaliyo angadzapereke khola lonse kwa Azungu a ku Salisbury.

Pa nthawi yomweyi Salima inali kutseguka. Njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka inafika pa Salima mu 1935, ndipo Chipoka linasanduka dooko lokumanirana sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Ulimi wa thonje unakula m'chigwamo, amalonda anamanga masitolo, ndipo Azungu a ku Lilongwe ndi kwina anazindikira kukongola kwa mchenga wa ku Senga Bay. Hotela ya Grand Beach, imene lero ikudziwika ndi dzina la Livingstonia Beach, ndi chikumbutso cha masiku amenewo. Mchenga umene kale unali wongoyanikapo makoka unayamba kukhala ndi mtengo wa ndalama, ndipo paliponse pamene dothi lapeza mtengo, msungi amayesedwa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Land Act ya 1965, imene inagawa malo m'magulu atatu: a boma, a munthu payekha, ndi a makolo. Lamuloli linanena poyera kuti malo a makolo ndi chuma cha anthu a Malawi, ndipo linawaika m'manja mwa Pulezidenti mpaka kalekale, Nduna yoona za malo nkumawayendetsa kuti apindulire anthu a m'dziko. Motero msungi anachoka ku London nabwera kwathu, ndipo chimenechi chinali chinthu chachikulu. Koma mphamvu za msungi watsopanoyo zinali zazikulu ngati za wakale uja. Nduna inkatha kupereka lizi pa malo a makolo, kawirikawiri ya zaka 21 pa ulimi ndi 99 pa zomangamanga, ndiponso kulengeza kuti malo akutiakuti akufunika pa ntchito ya boma. Chowawa kwambiri chinali chakuti malo a makolo akangolowa mu lizi, lizi ikatha sankabwerera kumudzi. Ankasanduka a boma. Khola linali ndi khomo lotulukira lokha.

Mphamvu zimenezi zinabala zabwino zooneka. Ntchito yotukula chigwa cha m'mbali mwa nyanja ku Salima, imene inayamba mu 1968 ndi chithandizo cha dziko la West Germany, inabweretsa misewu, zitsime, ngongole za alimi ndi ulangizi pa thonje, mpunga ndi mtedza. Maina ngati Chinguluwe ndi Lifuwu anadziwika chifukwa cha masikimu a ulimi. Koma mphamvu zomwezo zinatsegula njira ya maesiteti. Popeza fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti pokha, aliyense wofuna phindu lake ankathamangira lizi, ndipo chiwerengero cha maesiteti m'dziko muno chinakwera kuchoka pa mazana owerengeka mu 1970 kufika pa oposa 14,000 mu 1989. Ena anali a mabanja amene anangolembetsa minda yawo yomwe, koma ena anali aakulu, odulidwa pa malo amene midzi inkadalira kuti ana adzalimepo.

Kunyanja nkhani inali ya mapuloti. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo njanji ya Salima ndi Lilongwe itatsegulidwa mu 1979, Senga Bay inasanduka gombe la anthu a ku likulu, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100. Makampani, mabungwe ndi anthu opeza bwino anafuna aliyense kachigawo kake koyang'ana madzi. Njira yake inali yodziwika: kukaonana ndi nyakwawa, kupereka kangachepe, kulandira kalata ya mfumu yonena kuti malowo alibe mkangano, kenaka kukapempha lizi ku boma. Pa pepala palibe chimene chinagulitsidwa, pakuti malo a makolo sagulitsidwa. Koma nkhuku yothokozera ija inali itasanduka ndalama zambiri, ndipo amayi amene ankatunga madzi ndi kuchapa pamenepo sankafunsidwa kanthu. Sitikunena kuti hotela nzoipa. Zimalemba anthu ntchito, zimagula nsomba ndi ndiwo zamasamba, ndipo zimabweretsa alendo ndi ndalama zawo. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Funso ndi lakuti: pamene msungi ankapereka gombe, ana a mwini mbuzi analandirapo chiyani, ndipo njira yawo yopita ku madzi inasiyidwa kodi?

Pofuna kuona kuti kusunga kwenikweni kumaoneka bwanji, sitifunika kuchoka m'boma la Salima. Kumpoto kwa Senga Bay, pakati pa madzi, pali chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu umenewu wakhala ukutseka chilumbachi chaka ndi chaka m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane. Nthawi yotseka ikakwana asodzi onse amachokapo, ndipo tsiku lotsegulira limakhala la mwambo, pamaso pa anthu. Pa chilumbapo pali malamulo oletsa mowa, chamba ndi juga, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi komiti ya mfumu nkuchotsedwapo. Akatswiri a za usodzi a m'dziko muno ndi akunja akhala akupita kukaphunzira dongosolo limeneli, chifukwa nsomba za kumeneko zasungika bwino kusiyana ndi madera ambiri a nyanja yathu. Chinsinsi chake sichovuta kuchiona. Msungi amakhala pakati pa anthu amene akuwasungira, malamulo ake aliyense amawadziwa, amagwira wolemera ndi wosauka chimodzimodzi, ndipo phindu lake msodzi amaliona m'bwato mwake.

Maiko ena anafika pa nzeru yomweyi mwa njira yawo. Ku Britain bungwe la National Trust, limene linayamba mu 1895, linaona kuti magombe a dzikolo akutha ndi nyumba za anthu, ndipo mu 1965 linayambitsa ntchito yosonkhetsa ndalama zogulira magombewo kuti asamangidwepo. Lero likusunga mamailosi oposa 700 a gombe, ndipo munthu wamba amayendapo momasuka. Koma dongosolo lomweli lingathe kugwiritsidwa ntchito mobisa. Ku America, makamaka m'chigawo cha Illinois, anthu amalembetsa malo m'dzina la msungi ncholinga chakuti mwini weniweni asadziwike. Kumeneko lamulo limalola zimenezi, koma kwa ife likhale chenjezo: pamene dzina la pa chikalata si la amene akudya phindu, anthu a m'mudzi ayenera kufunsa kuti kuseri kwa dzinalo kuli yani.

Madandaulo a zaka zonsezi ndi amene anachititsa kuti malamulo aunikidwenso. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anaika malo onse m'manja mwa dziko la Malawi lenilenilo. Mu 1996 kunakhazikitsidwa bungwe la Pulezidenti lofufuza za malo, limene linapereka lipoti lake mu 1999, ndipo mu 2002 boma linavomereza ndondomeko ya dziko yoyendetsera malo. Panapita zaka zina 14 za mikangano, mafumu ena akuopa kulandidwa mphamvu, mpaka mu 2016 pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza Land Act yatsopano ndi Customary Land Act, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018. Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, ndipo mwa zina anakhwimitsa njira yoti anthu amene si nzika apezere malo.

Chatsopano chachikulu m'malamulo amenewa nchakuti usungi watsika kufika pamudzi. Dera la mfumu yaikulu iliyonse liyenera kudziwika malire ake ndi kulembedwa. Pansi pa gulupu aliyense payenera kukhala komiti ya malo, wapampando wake gulupuyo, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Lamulo likunena mosabisa kuti komitiyi igwire malo ngati msungi, ndipo anthu okhala m'deralo ndiwo eni phindu. Banja kapena munthu angathe kulembetsa munda wake nalandira chiphaso, pamene malo a onse, monga madambo ndi manda, ayenera kupatulidwa kuti asagawidwe. Palinso mabwalo oweruza milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kukwera m'mwamba. Kulembetsaku kukuyenda pang'onopang'ono, dera ndi dera, koma mfundo yake yaima: kwa nthawi yoyamba msungi wolembedwa m'lamulo ndi munthu amene mungakumane naye pa chitsime.

Ndipo mayeso sanathe ayi. Fakitale ya shuga ya ku Salima ndi minda yake ya nzimbe, komanso malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Nanjoka mu 2021, zikusonyeza kuti dothi la bomali likufunidwa ndi ambiri, ndipo lidzafunidwabe. Nayo nyanja ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Mu 1915 inaphwa mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka bwino kwa zaka pafupifupi 20; cha mu 1980 inadzaza koposa; ndipo mu 2024 inakweranso nkulowa m'mahotela ndi m'nyumba zambiri za m'magombe a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Makolo amene ankasiya mchenga wa kugombe wopanda mwini, kuti ukhale wa mabwato ndi makoka a onse, ankadziwa kuti malire a nyanja salembedwa ndi munthu.

Tsono, omvera anga, mbiri imeneyi ikutisiyira chiyani? Taona asungi anayi: mfumu ya makolo, Nduna ya ku London, Pulezidenti ndi Nduna yake, ndipo tsopano komiti ya pamudzi. Aliyense wa iwo ananenedwa kuti akugwira malo m'malo mwa anthu, ndipo mawuwo anali abwino nthawi zonse. Kusiyana kunali pa chinthu chimodzi: kodi ana a mwini mbuzi ankatha kulowa m'khola nkuwerenga ziweto? Pamene ankatha, monga ku Mbenje, chuma chinasungika. Pamene sankatha, chinatuluka pang'onopang'ono, chikalata chili bwinobwino m'kabati.

Nchifukwa chake inu a ku Maganga, a ku Pemba, a ku Ndindi, ndi inu nonse a m'maboma ena amene muli ndi dambo, manda kapena dooko lanu, dziwani anthu amene ali m'komiti yanu ya malo, ndipo pa tsiku losankha musatsalire kumunda. Mlendo akabwera kudzapempha malo, nkhaniyo ikambidwe pabwalo dzuwa likuswa mtengo, ndipo chimene chagwirizanidwa chilembedwe: zaka zingati, ndalama zingati, zipita kwa yani, ndi njira ya ku madzi idzera pati. Amayi amene mwasankhidwa, lankhulani, pakuti ndinu amene mumadziwa kutalika kwa njira ya ku nyanja mpanda ukatseka yachidule. Safunsa anadya phula. Ndipo inu mafumu athu, ulemu wanu waukulu uli pa dzina lakale lija la msungi wa anthu. Mdzukulu amene adzakocheze bwato lake pa dooko limene munakana kuligulitsa sadzaiwala dzina lanu.